Mamota Atatu a Makina Anga Opalira Matabwa

Makina opalira matabwa ndinawagula ku Chileka, kwa mayi wina wamasiye amene amuna awo anali kalipentala ngati ine. Anali makina akalekale, chitsulo chokhachokha, olemera moti amuna asanu ndi mmodzi tinachita kubuula powakweza pa lole. Chimene analibe ndi mota. Ana a malemuwo anali ataigulitsa kale, ndipo kachitsulo kolembapo mphamvu yoyenera makinawo kanali katadyeka ndi dzimbiri.

Nthawi imeneyo ndinali nditalandira ntchito ya mabenchi a tchalitchi china cha kwa Kuntaja, matabwa ake a mlombwa. Zaka zonse ndinkapala ndi manja mu shedi yanga pa Lirangwe, ndipo mapewa anali atayamba kundikana.

Alamu anga, alongo awo a mayi a kunyumba, anagwirapo ntchito pachigayo miyezi ingapo asanakwatire. Kuyambira pamenepo chilichonse choyendera magetsi amachidziwa ndi iwo. Atawaona makinawo anawazungulira kawiri, n'kuwagogoda ndi chala.

"Apa musataye nthawi, alamu," anatero. "Mota ndi mota. Ija yopopera madzi pachitsime kwathu ikwana."

"Si yaing'ono imeneyo?" ndinafunsa.

"Yaing'ono bwanji? Imakweza madzi mpaka pathanki. Thabwa n'chiyani?"

Ndinavomera, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira pakamwa. Tinatha masiku awiri tikuboola zitsulo ndi kusaka lamba woyenera. Titayatsa, makina anazungulira bwinobwino, alamu n'kundiyang'ana ngati andipezera mgodi. Ndinalowetsa thabwa la paini, linadutsa, ngakhale movutikira. Kenako ndinalowetsa la mlombwa. Kulira kwa makina kunatsika, kunasanduka kung'ung'udza, thabwa n'kuima pakati.

"Kankhani," anatero alamu.

"Ikulephera iyi, tizimitse."

"Ikuzolowera. Kankhani basi."

Ndinakankha. Munatuluka utsi wonunkha ngati tayala lopsa, mota n'kukhala chete. Thabwa linatsala ndi chipsera chakuda pakati penipeni. Alamu analinunkhiza n'kunena kuti vuto linali thabwalo, linali laliwisi. Thabwa limenelo linali litauma zaka ziwiri padenga langa.

Patapita masiku atatu anabweranso ndi nkhope yowala. Mnzawo wina ku Chileka anali atatseka chigayo, mota yake inangokhala, ndipo analola kutibwereka kuti tiyesere.

"Munkadandaula kuti ija ndi yaing'ono," anatero alamu. "Iyi ndiye simudandaulanso."

Inalidi yaikulu, ngati mbiya yofululira mowa. Maminibasi awiri anatikana, kondakitala wachiwiri n'kutifunsa ngati tikufuna kumuthyolera masipuling'i. Tinakwera kagalimoto konyamula mchenga, ine nditakhala kumbuyo, nditaikumbatira motayo kuti isagubuduke, fumbi likundilowa m'mano njira yonse.

Titafika pa Lirangwe ndinatsegula kabokosi ka mawaya. Motayo inkafuna magetsi amphamvu a pachigayo, aja amati firii fezi. Mu shedi yanga munali magetsi wamba, onga a m'nyumba. Ndinawauza alamu kuti sizitheka.

"Magetsi ndi magetsi," anayankha, atayamba kale kusenda waya ndi mano.

Atayatsa, motayo inangonjenjemera osazungulira, magetsi n'kuthima mdadada wonse wa mashopu, pakuti tonse tinali pa mita imodzi. Wometa tsitsi wa khomo loyandikana nane anatulukira ali ndi makina ometera m'manja, kumbuyo kwake kukubwera bambo wina wometedwa mutu mbali imodzi. Bamboyo anali ndi ukwati woti akaimire unkhoswe masana omwewo. Sanatukwane. Anangoima pakhomo n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ndipo zikanakhala bwino akanatukwana. Potembenuka ndinapeza alamu apita kukamwa tiyi.

Sabata imeneyo mkulu wa mpingo wa kwa Kuntaja uja anabwera pa kabaza kudzaona mabenchi. Anapeza benchi limodzi lokha, lomwe ndinapala ndi manja. Kunyumba ndinafotokozera mayi a ana zonsezi, iwo n'kundifunsa modekha kuti, "Nanga bwanji osafunsa anthu odziwa?" Ndinafuna kuwakumbutsa kuti wodziwayo anabadwa nawo mimba imodzi, koma m'malo mwake ndinangonyamuka kukafunsa.

Kuseri kwa msika kunali mkulu wina wachisilamu wokonza mamota opsa. Ndinkamudutsa tsiku lililonse. Nditapita ndinapeza watseka, linali Lachisanu, ali kumzikiti. Ndinasiya uthenga, ndipo Loweruka anabwera ku shedi yanga panjinga ndi tepi yoyezera m'thumba. Mota zonse ziwiri sanazikhudze n'komwe. Anayeza kutalika kwa mipeni ya makina, anayeza gudumu lozungulitsa lamba, n'kuyang'ana mawaya a kukhoma.

"Mumapala mitengo yanji, bambo?"

"Mlombwa, mbawa, nthawi zina bulugamu."

"Tsiku lonse, kapena mwa apo ndi apo?"

Panalibe amene anandifunsapo zimenezi, ngakhale ine mwini. Mkuluyo anati makina a mipeni yotalika choncho, pa mitengo yolimba, amafuna mota ya mphamvu ya mahosipawa anayi, yothamanga, yoyendera magetsi wamba. Yopopera madzi ija inali ya hosipawa imodzi. Ya chigayo inali ya makumi awiri, ndipo ikanati izungulire ikanadula lamba kapena kundiponyera thabwa pamimba. Anatinso waya wanga ndi wowonda, ndisinthe, ndipo ndisamadyetse makina thabwa lonse kamodzi koma ndizipala pang'onopang'ono.

"Ndani anakulangizani za ya chigayoyi?" anafunsa pokwera njinga.

"Achibale."

"Eya," anatero, n'kupalasa.

Mota yoyenerayo inapezeka ku Limbe patatha masabata awiri. Masabata amenewo ndinabwerera ku pulena ya manja, makina atsopano ndikuikapo kapu ya tiyi. Itafika, mkulu wokonza mamota uja anaimanga yekha. Thabwa la mlombwa linalowa mbali iyi n'kutuluka mbali inayo lili see, kulira kwa makina osasintha. Ndinayembekeza kuti ndisangalala, koma ndinangomva kutopa.

Mabenchi anachedwa ndi mwezi wathunthu, ndipo ndinakaima pamaso pa komiti ya mpingo kupepesa ngati mwana wasukulu. Alamu anatulukira tsiku limene ndinkapakira benchi lomaliza. Anamvetsera makina akulira, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwaona, alamu. Ndinkadziwa ine kuti pakufunika yapakatikati."

Kenako anandiuza kuti mwini mota ya chigayo akuifuna mawa m'mawa, ndipo iwo sakwanitsa kundiperekeza chifukwa msana ukuwavuta. Ndinaibweza ndekha ku Chileka, kumbuyo kwa kagalimoto ka mchenga, mvula ikuwaza.