Kaseti Imene Inapita ku Ntcheu

Ndikukumbukira kompyuta imene bambo anagula pamsika wa ku Bilston ndili mwana wa pulayimale. Inali ya mtundu umene kale unkalemekezedwa m'maofesi ndi m'nyumba za ku England, koma m'zaka za m'ma 1990 eni ake anali atayamba kuutaya. Inali kiyibodi yonenepa chabe, yolumikizidwa ku TV, ndipo ikatentha inkanunkha fumbi lopserera. Ntchito yake inkasungidwa pa makaseti wamba. Kaseti yotero ukaimvera pa wailesi, unkangomva kulira kobaya m'makutu, ngati nyenje zambirimbiri.

Makaseti a mtundu womwewo amayi ankajambulapo mauthenga opita kwathu ku Ntcheu, poti kumudzi kunalibe foni. Mlongo wanga atabadwa ku chipatala cha Walsgrave, iwo anajambula mawu opempha amalume, achimwene awo aakulu, kuti amutche dzina mwanayo. Kasetiyo anapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene ankapita ku Malawi.

Loweruka lotsatira ndinafuna kutsegula masewera anga a pa kaseti, koma kompyuta inakana. Nditakweza wailesi imene munali kasetiyo, tonse tinamva mawu a amayi akupereka moni kwa achimwene awo.

"Nanga ku Ntcheu kwapita chiyani?" anafunsa bambo, yankho akulidziwa.

Amayi sanaseke. Lamulo la kuno silidikira kuti mwana akhale nthawi yaitali osalembetsedwa, ndipo iwo sankafuna kuti dzina lichokere m'nyumba ya lendi ya ku Foleshill. Bambo akatchula mayina, amayi ankangoyang'ana pawindo.

Mayi uja anabwerako nthawi yolembetsa mwana isanathe, atanyamula kaseti ina. Tinakhala pansi, mawu a amalume n'kumveka, tambala akulira kumbuyo kwawo.

"Achemwali, kaseti yanu tamvera mbali zonse ziwiri mpaka mabatire kutha. Alamu anu akuti mwina ndi mmene amaimbira kwayala kumeneko. Ife sitinatolepo kanthu, koma miyezi timawerenga. Ngati mwana wabadwa, dzina lake ndi Tadala."

Makompyuta a mtundu uja tsopano ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo mawu ochokera ku Ntcheu amandifika pafoni nthawi yomweyo. Ambiri ndimawathamangitsa, ena sindiwamaliza n'komwe. Koma kunali anthu amene anakhala pakhonde ola lathunthu, akumvetsera mwaulemu phokoso la makina, chifukwa chakuti linachokera kwa mwana wawo.