Kalaliki Waulere wa Tofazzal Wamaswiti

Tofazzal Mridha ndinamudziwa akadali ndi tsitsi. Lero mutu wake umawala ngati roshogolla, maswiti oyera obulungira omwe amagulitsawo, koma musakamuuze kuti ndatero, chifukwa tiyi ndimamwera pabenchi yoyang'anizana ndi sitolo yake ndipo nthawi zina amanditumizira tizidutswa ta jilapi, maswiti okazinga onyika m'manyuchi.

Anabwera m'tauni yathu ino ya Pabna kudzatsuka mapoto kwa wophika maswiti wina. Anaphunzira kuwiritsa mkaka ndi kudziwa kupsa kwa manyuchi pongowagwira ndi zala, mpaka anatsegula sitolo yakeyake pafupi ndi siteji ya mabasi. Sukulu anaisiyira pomwe ndinaisiyira ine, chapakhomo pomwe. Anakwatira Rowshan Ara wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo apongozi ake aakazi ankamukonda moti ana awo obereka ankachita nsanje. Akapita kukacheza, mutu wa nsomba unkagwera m'mbale yake.

Ntchito ya maswiti ndi ya chimwemwe. Mwana akabadwa, wina akakhoza mayeso, mtsikana akapeza banja, munthu sakauza abale chimanjamanja, amanyamula bokosi. Choncho Tofazzal anazolowera kuti aliyense womufuna ali ndi nkhani yabwino. Kasitomala asanatsegule pakamwa, iye amakhala atamuyamikira kale.

Chinamuvuta ndi foni. Anthu anayamba kuitanitsa maswiti polemba mauthenga, iye manja ali m'manyuchi, foni nkumamata ngati ulimbo. Atamva kuti Gouranga, wamaswiti wa tsidya la msewu, waika kapulogalamu koyankha makasitomala kokha, sanagone nazo tulo.

Anabwera pabenchi pathu, magalasi pamphuno, kudzasankha kake. Lamulo lake linali limodzi: kakhale kaulere. Koyamba kankayankhula Chingelezi chokhachokha, ndipo iye anati sangalembe ntchito munthu yemwe mwini wakeyo samumva. Kachiwiri kanali kaulere masiku oyamba okha, kenako nkuyamba kupempha ngati mlamu wa pa ulova. Kachitatu kankadziwa chiyankhulo chathu cha Chibangla ndipo sikankafuna ndalama ngakhale taka imodzi. Chilema chake chinali chakuti sikankasankha nkhope. Aliyense wolemba pa nambalayo, kaya kasitomala kaya mbale, kankamuyankha chimodzimodzi. Kupatula abale kunali kwa olipira.

Anisur wogulitsa tiyi anamuuza kuti agule nambala ina ya sitolo. Tofazzal anaseka, nati abale ake salemba, amaimba, ndipo akalemba ndiye kuti akufuna maswiti aulere, bola akumane ndi kalaliki wa m'foniyo awafunse makilo. Tonse tinaseka naye. Mawu oti kalalikiyo aziyankha anawalemba yekha, omwe aja amanena pakauntala.

Kwa kanthawi zinamuyendera. Foni anaiponya m'dirowa, nkumaiona akamaliza kuphika. Akamadutsa pa Gouranga ankatulutsa mimba ngati mwini basi.

Ndiye apongozi aja anadwala, Rowshan Ara nkupita kumudzi kukawadwazika. M'mawa wina, Tofazzal ali pamoto ndi oda ya ukwati, gogoyo anatsirizika. Mokbul, mchimwene wake wa Rowshan, anaimba, koma foni inkangolirira m'dirowa. Analemba uthenga: amayi atisiya, tiika akatha mapemphero a masana, fulumirani.

Kalaliki sanachedwe. Anayankha kuti: "Takondwera nanu pa nkhani yabwinoyi! Mulungu achulukitse masiku ngati lero pakhomo panu. Tikupimireni makilo angati?"

Mokbul analembanso, kufunsa ngati mlamu wake wapenga. Kalaliki anamuuza kuti akatenga ambiri amuikira basela.

Tofazzal anatsegula dirowa dzuwa litapendeka. Ine ndinamuona akutuluka m'sitolo, nsapato imodzi kuphazi, akukuwira njinga yamoto. Anafika manda atakwiriridwa kale. Mkamwini wokondedwa uja sanaponye dothi ngakhale dzanja limodzi.

Zotsalazi anandiuza yekha, maso ali m'kapu ya tiyi. Akuti atalowa pabwalo, amuna onse anamutembenukira, ndipo anadziwa kuti foni ya Mokbul yayenda kale dzanja ndi dzanja. Anayesa kufotokoza kuti si iye analemba, ndi makina. Mokbul anamufunsa modekha kuti makinawo mawu anawatenga kuti. Tofazzal anavomera kuti kwa iye. Wina kumbuyo anafunsa ngati basela wabwera naye.

Rowshan Ara sanatuluke kudzamuona. Anatuma mawu kudzera kwa azakhali ake kuti abwerere, maswiti angapserere, ndipo za kubwerera kwa mkaziyo ku Pabna asafunse.

Masiku amenewo sitinamuseke, ngakhale ine. Ankatsegula sitolo theka, kuphika atatembenukira kukhoma. Kalaliki uja anamuchotsa m'foni tsiku lomwelo, koma nkhani inali itakwera kale basi iliyonse yochoka pasiteji. Munthu akabwera ndi nkhani yabwino, Tofazzal ankangopima nkukulunga, osayamikira.

Litayandikira tsiku la mapemphero okumbukira malemu, lomwe anthu amagawiridwa jilapi akatha kupemphera, anabwera kudzandifunsa ngati apite nazo. Ankaopa kuti akafika ndi madengu, anthu anena kuti wabweretsadi makilo aja. Akapita chimanjamanja, anena kuti wamaswiti wamana apongozi ake ngakhale kumanda. Ndinamuuza kuti manyazi ali uku ndi uku, bola asankhe manyazi okhutitsa anthu.

Anaphika yekha, nanyamula. Madengu anawasiya kunja kwa mpanda, iye nkupita kaye kumanda, komwe anakhala mpaka mapemphero atatha. Pobwerera anapeza madenguwo ali pomwe anawasiya, palibe wawakhudza. Anaima pambali pake ngati wogulitsa amene msika wamuthera. Anthu ankatuluka nkumamulambalala.

Kenako anatuluka Rowshan Ara, mpango utaphimba mutu. Anavundukula dengu limodzi, nayang'ana jilapi, nayang'ana mwamuna wake.

"Amayi anakufunsani kawiri asanatseke maso," anatero. "Ndinawanamiza kuti muli m'njira."

Tofazzal akuti anayesa kuyankha, koma mkazi wake anamudula.

"Musanene kanthu, mwanena kale zambiri. Nyamulani, mukagawe nokha. Aliyense muzimuyang'ana kumaso."

Anagawa, kuyambira kwa imamu mpaka kwa amene anafunsa za basela uja. Mokbul anapinda manja, sanalandire, ndipo mpaka lero akabwera m'tauni amadutsira tsidya la Gouranga.

Rowshan Ara anabwerera masiku olira atatha, osati ndi mwamuna wake, koma yekha pa basi ya masana. Analowa m'sitolo osapereka moni, natsegula dirowa, natenga foni nkuiika m'chikwama chake. Tofazzal anali pamoto. Anamuona. Anangosuntha mpando wapakauntala, naupukuta ndi malaya ake, mayiyo nkukhalapo.