A Pikitapu a ku Domwe

A Justino a ku Domwe anabwerako ku Sozibele, mzinda wa Angerezi, ndi chipewa komanso Chingerezi cha mawu awiri: pikitapu, ndiye kuti nyamula, ndi putitidauni, ndiye kuti tula. Ndi zokhazo zimene bwana wawo ankawauza kumeneko. Ife tinangowatcha a Pikitapu.

Asipayi, apolisi a boma, atabwera kudzagwira amuna a ntchito yokakamiza ya chibalo, anzawo anathawira kuphiri. Iwo anangokhala pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake.

"Mzungu sagwira munthu wodziwa chizungu," anauza akazi awo, a Rufina.

Asipayiwo atawagwira n'kufika nawo kwa shefu, mkulu wa boma wachipwitikizi, a Pikitapu anakhuthula mawu awo onse awiri. Shefuyo anamwetulira. "Kani ndiwe unathawira kwa Angerezi popanda chilolezo?"

Lero ali pamsewu wa ku Ulongwe, kunyamula miyala ndi kutula. Chingerezi chawo chonse chapeza ntchito.