Mapiritsi Ochokera ku Joni

Bambo anga sankadziwa zaka zawo, koma m'mudzi mwathu ku Liwaladzi munalibe wamkulu kuwaposa. Chimene ankanyadira chinali chimodzi: Lachisanu lililonse ankayenda okha kupita ku mzikiti, ndodo m'manja, popanda wowagwiriziza.

Matipate atangoyamba kumene, achimwene anga amene ankagwira ntchito ku Joni anatumiza phukusi. Munali mabotolo a mapiritsi ndi kalata. Dokotala wa kumeneko anali atawapeza iwowo ndi mafuta ambiri m'magazi, ndiye anaona kuti mankhwala abwino chotere sangamwe okha, agawireko bambo. Kalatayo inaletsanso mazira, nsinjiro, zokazinga ndi kampango.

Ine ndiye ndinachita kunyanya! Ndinasanduka wapolisi wa kukhitchini. Bambo akati, "Mwanawe, kamutu kokha ka kampango," ndinkayankha kuti, "Ayi bambo, mukufuna mutisiye?" Ndinkawapatsa chisoso cha mchere wokha, piritsi pamwamba, n'kumadziona ngati mwana wabwino.

Patapita miyezi, mkanjo unayamba kuwakulira. Ankadandaula kuti ntchafu zikuphwanya, ine n'kumati ndi ukalamba. Lachisanu lina anangofika pa mtengo wa mango wa m'njira n'kukhala pansi. Anawanyamula ndi anzawo pochokera ku swala, mapemphero a ku mzikiti.

Ku chipatala cha pa boma adokotala anayang'anitsitsa botolo lija. "Anawayeza magazi ndani?" Ndinati palibe. "Mayi, agogowa aonda ngati bango, mafuta mukuchotsawo ali pati? Mankhwalawa analembera munthu wina. Asiye, ndipo kawapatseni chakudya." Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

Kampango ndinaphika tsiku lomwelo. Thupi linabwererako pang'ono, koma miyendo ayi. Anakhalabe ndi moyo zaka zina ziwiri, ndipo ku mzikiti ankapita atakwezedwa pa kaliyala wa njinga, atazolika. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mbale zija ndinkapakula ndine.

Titangochokera ku chipatala kuja, mkwiyo wanga wonse ndinafuna kuutula pa achimwene. Ndinatenga pepala kuti ndiwalalatire, mawu ndinali nditawakonza kale. Bambo anandiyang'ana ali pa mkeka n'kufunsa kuti ndikulembera yani. Nditawauza, anapukusa mutu.

"Ulembe kuti mankhwala anafika ndipo ndikuyenda bwinobwino. Mwana ujatu anadzimana kuti ine ndikhale ndi moyo."

Ndinalemba momwemo, n'kuwawerengera. Anati zili bwino.