Makatoni Awiri a Mkaka wa Ana

Anzake a kuntchito ankamutcha Sikelo. Dzinali analipata mwezi wake woyamba m'supamaketi, tsiku limene ananyamula paketi ya shuga n'kunena kuti yaperewera, ndipo ataiyeza inapezekadi yopepuka. Sukulu anailekera panjira kusekondale, koma maso ake sankadutsidwa kanthu. Ntchito yake inali kuyala katundu m'mashelefu a zakudya za ana: zakale kutsogolo, zatsopano kumbuyo, nkhope ya katoni iliyonse iyang'ane wogula. Anaigwira zaka zinayi osajomba.

Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa miyezi isanu ndi iwiri. Bambo a mwanayo ankayendetsa thiraki ndipo pakhomo ankaoneka kawiri pa mwezi. Sikelo atabwerera kuntchito mawere anayamba kuuma, mwana n'kulowa pa mkaka waufa wa m'katoni, umene apongozi ake ankamusungunulira masana.

M'sitolomo munali chizolowezi. Katoni ikaphwanyika pakona potsitsa m'galimoto, sinkafika pa shelefu. Ankaiponya m'dengu la kuseri kwa chitseko, antchito n'kumagula motchipa. "Chang'ambika ndi chovala, mwiniwake ali bwino," ankatero. Ya mkaka wa ana ikagweramo, anzake ankamubisira Sikelo. Pa dengupo iye ankayang'ana chinthu chimodzi chokha, ngati kathumba ka m'kati sikanabooke. Loweruka lapitalo anatengapo imodzi, ya katundu wongofika kumene.

Lachitatu m'mawa mwana anali pa tsiku lachitatu akutsegula m'mimba.

"Ndi mano awa, make mwana," anatero apongozi, akuchapa matewera. "Bambo akewa ankatero nawonso, nyumba yonse kununkha. Pitani, mungachedwe."

Anapita, koma mtima anausiya pa mphasa.

Pa shelefu mkaka wakale unali utatsala makatoni anayi, choncho anatsegula bokosi la katundu watsopano uja. Anaika yoyamba pambali pa yakale, dzanja lake n'kuima m'malere. Dzina linali lomwelo, chithunzi chomwecho. Koma buluu wa yakale anali wakuya, pamene wa yatsopano anali wosuluka ngati nsalu yoiwalika padzuwa. Khanda la pa chithunzi linali ndi milomo yofiira mopitirira, maso ake osaoneka bwino. Anatembenuza zonse ziwiri. Yakale inamatidwa ndi timadontho titatu ta guluu, tofanana. Yatsopano guluu wake anachita chopaka, mpaka kutulukira m'mbali. Deti la yakale linali lodindikira m'katoni, lomveka ku chikhadabo. La yatsopano analinyowetsa ndi chala, ndipo manambala anafufutika. Anaigwedeza pafupi ndi khutu. Inalira ngati mchenga.

Kapitawo anali kudutsa ndi makiyi ake.

"Bwana, taonani izi."

"Wayambanso, Sikelo? Asintha chovala basi. Iwe suvala diresi lina Lamlungu?"

"Deti likufufutika, bwana. Anabweretsa ndani katunduyu?"

"Galimoto. Ya matayala anayi."

"Si ija ya masiku onse?"

Kapitawo sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Ukudziwa atsikana angati amabwera pa geti ndi makalata ofunsira ntchito? Yala. Ndipo zatsopanozo uziike kutsogolo, zithe msanga."

Pa zaka zinayi zonse palibe amene anamuuzapo kuika zatsopano kutsogolo. Apa m'pamene anakumbukira kuti katoni ya kunyumba ija inachokera m'galimoto yomweyi, ndipo anthu ogula asanaione n'komwe, mwana wake anali ataimwa kale masiku anayi.

Analowa m'chimbudzi cha antchito, natseka chitseko, naimbira foni apongozi ake.

"Amayi, tengani katoni ya mkaka. Munyowetse chala mupukute pa deti."

"Pa chiyani?"

"Pa manambala a pansipo. Chonde, amayi."

Kunamveka mapazi, chitseko cha kabati, kenako zii.

"Afufutika. Chala changa chada."

"Mwana wamwa?"

"Ndamupatsa botolo posachedwapa, wasanza lonse. Kulira wasiya. Koma make mwana, liwombo lakeli likuoneka ngati lalowa."

"Musamupatsenso. Muberekeni, tikakumane kuchipatala. Katoniyo muitenge, musaitaye."

Atatuluka anapeza mayi wina wa khanda kumbuyo akutambasula dzanja pa shelefu. Sikelo anamulanda katoni yosulukayo n'kumupatsa yakale.

"Tengani iyi, achemwali."

"Zasiyana chiyani? Si zomwezi?"

"Tengani iyi. Mukabweranso, muzipukuta deti ndi chala chonyowa."

Mayiyo anamuyang'ana ngati wamisala, koma anatenga. Sikelo anabwezera zatsopano zija m'bokosi, navula epuloni, naipachika pa ngolo. Kapitawo anali ataima kumapeto kwa mzere, makiyi ali chete m'manja.

"Ukatuluka pakhomopo, epuloniyo ivala wina mawa."

"Mwana wanga wadwala, bwana. Wamwa womwewu."

Sikelo asanafike pa chitseko anamva kapitawoyo akuitana mtsikana wa mzere wa sopo kuti adzayale mkaka.

Kuchipatala apongozi anali atafika kale, ali pa benchi, mpango wawo utapendekeka. Mwana anali lende, maso otseka theka, milomo youma. Namwino anamutsina khungu la pamimba, ndipo linachedwa kubwerera. Singano ya diripi italowa m'kadzanja, mwana sanalire. Sikelo akanakonda akanalira.

"Amamwa chiyani?" anafunsa namwino.

Apongozi anasolola katoni m'chikwama. Namwino anaitembenuza kamodzi kokha, natsegula kabati ya pansi pa tebulo. Munali zina ziwiri, za buluu wosuluka yemweyo.

"Yachitatu sabata ino. Munagula kuti?"

Sikelo anatchula sitolo. Namwino analemba.

"Enawo anagula kwina," anatero. "Ndiye kuti zamwazika."

"Ana awowo ali bwanji?"

Namwino anakonza kapaipi ka diripi, ngakhale kanali kali bwinobwino.

"Mayi, inu yang'anirani wanuyu. Akakodza dzuwa lisanapendeke, ndiye kuti thupi lalandira madzi. Mundiitane."

Apongozi anakhala pansi, naphimba kumaso ndi mpango. "Ndimati ndi mano ine," ankangobwereza chapansipansi.

"Si inu, amayi. Ndinabwera nayo ndine."

Sikelo anakoka mpando n'kukhala pambali pa kabedi. Analowetsa zala ziwiri m'thewera la mwana, maso ali pa madontho otsika m'botolo, limodzi, limodzi. Panja anthu anayamba kupita kukadya masana, nabwerako. Thewera linali likadali louma.