Tinsalu ta pa Chingwe

Chifereni mbali imodzi ya thupi la mayi a kunyumba kwanga, ulendo wanga wautali ndi wa kumjigo. Za ku Malosa, kumene ndinkapalasako njinga Loweruka, ndimangozimva kwa anthu. Pakamwa pawo panapotoka, mawu anathawa, ndipo malovu amatsika osalekeza. Ndikachedwa kupukuta, khungu la pachibwano limasupuka.

Mwana wathu wa ku Blantyre anabweretsa mapepala opukutira, aja a mumpukutu. Anali ofewa bwino, koma posakhalitsa onse anathera kudzala, ndipo m'magolosale a kuno sapezeka. Ndiye ndinatsegula sutikesi ya mayiwo n'kutulutsa zitenje zakutha. Kusoka ndinaphunzirira pa matumba a mpunga, kale ndisanalowe sukulu ya kwacha kukaphunzira kulemba dzina langa. Ndinadula tinsalu tokula ngati dzanja lotambasula, n'kumatiphatikiza tiwiritiwiri, pakati chidutswa cha thawulo lakale, m'mphepete kupinda kuti ulusi usasosoke. Masokedwe anali a thumba ndithu, koma tinsaluto tinkamwa madzi kuposa mapepala aja.

Nditatichapa koyamba, ndinatiyanika pa chingwe cha pabwalo. Sindinakhale n'komwe pansi, anatulukira mlamu wanga, mng'ono wa mayiwo, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu.

"Alamu! Mwapenga? Anulani izo!"

"Ndi zopukutira pakamwa pa achemwali anu."

"Ndiye aliyense wodutsa muzimuuza zimenezo? Mugula belu? Tinsalu totere ndi ta mkazi akakhala kumwezi, timayanikidwa kobisika. Ana a sukulu ayamba kale kugwirana pakamwa. Imvi zonsezi, nzeru zinatsalira kwanu?"

Ine pano ndine mkamwini. Ndakalambira pamudzi uno, koma bwalo ndi lawo, ngakhale mtengo wa mango umene ndinamangapo chingwecho ndi wawo. Ndinaanula.

Pofuna pokoleka m'nyumba, ndinapeza msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, wadzimbiri, chapansi. Ndinaukhoma ndine, tili achinyamata, n'kuwauza mayiwo kuti nsalu zawo za kumwezi zija maso anga asazione. Zaka zonsezo ankayanika pamenepo, mumdima, ndipo sindinafunsepo ngati zinkauma. Tsopano ndinadziwa. Inali nyengo ya dzinja, nkhungu ikutsika m'phiri m'mawa uliwonse. Tinsalu tanga tinkagona pa msomalipo n'kudzuka tonyowa, tikununkha chuku. Kusita ndi makala sikunathandize, makalanso anali onyowa.

Chibwano cha mayiwo chinafiira, kenako panatuluka tizilonda. Ndikayandikira ndi kansalu, ankatembenuzira nkhope kukhoma ndi mphamvu yonse imene inawatsalira. Phala linayamba kuwavuta kudya chifukwa supuni inkakhudza pachilondapo. Munthu amene sangandiuze kuti zikuwawa, ine n'kumamupaka fungo pakamwa kuopa kuseka kwa ana.

Tsiku limene dzuwa linatuluka, ndinawiritsa tinsalu tonse m'chitini, n'kutiyanika pabwalo, mzere wonse mpaka ku mango. Alamu anabwera chitenje chili m'manja, akumanga m'njira.

"Kodi simumva, bambo inu?"

"Lowani kaye mukawaone."

Analowa. Anakhalitsamo. Potuluka sanandiyang'ane.

"Ndawaona. Koma mudzi uno suona chibwano, umaona chingwe. Mukangochoka, ine ndianula. Ndili ndi ana aakazi osakwatiwa."

Mawu awo sanabweze, ndipo ine sindinabweze anga. Kuyambira pamenepo, ndikayanika ndimakoka mpando n'kukhala pansi pa chingwe, chitseko chotsegula kuti ndizimva mayiwo akatsokomola. Amayi opita kuchigayo amayang'ana kumbali. Anyamata a kabaza amachepetsa liwiro.

"Agogo, mwatsegula okala?"

"Ndi za pakamwa," ndimatero. Ena amaseka, ena amapepesa. Belu sindinagule, pakamwa panga pakukwanira.

Tizilonda tija tinauma, panatsala tizipsera toyera. Mayiwo satembenuziranso nkhope kukhoma. Kansalu kakachoka padzuwa kali kofunda, amatsinzina, n'kukankhira chibwano m'dzanja langa.

Kumjigo tsopano ndimapita tinsalu tikauma. Kukachita mitambo, ndowa imakhala yopanda madzi mpaka madzulo, ine maso kumwamba, alamu maso pa ine, ali pakhonde pawo akusankha nyemba.