Ng'ombe Yakumanja

Kwathu, cha ku Kaphuka, kumazizira mpaka ng'ombe zimatuluka m'khola zikufuka nthunzi m'mphuno. Ife tinali nazo ziwiri zokha, zonse zofula, yakuda ndi yofiira, kuphatikiza mbuzi zingapo zosamva. Anthu ankati ndife olemera. Kulemera kwake kunali kodzuka nkhungu isanachoke, kukapala ndowe ndi mapazi aming'alu. Wopalayo ndinali ine, mwana wamkazi amene ukwati unamukanika n'kubwerera pakhomo pa makolo.

Mbuzi sindinazikondepo. M'dzinja timazimangirira kuopa chimanga cha eni ake, ndipo mbuzi yomangirira imalira ngati ukuisenda yamoyo. Ukaimvera chisoni n'kuimasula, imalunjika m'dimba la munthu amene simulankhulana kale. Koma ng'ombe zija ndizo zinkatisunga. Zinkakoka ngolo ya manyowa kupita kumunda, mbatatesi kupita ku Linthipe, nkhuni, njerwa za anthu, ngakhale odwala a m'mudzi kupita nawo kuchipatala.

Abambo ndiwo anaziphunzitsa goli zikadali zazing'ono, yakuda kumanja, yofiira kumanzere. Ng'ombe ikazolowera mbali yake sisinthanso. Khosi limakhakhala mbali imodzi, ndipo imadziwa kuti pamtsetse ndani agwire ngolo, pokhota ndani ayambe. Zathu zinazolowerana mpaka kudambo zinkadya chimodzimodzi, yakuda kumanja, yofiira kumanzere, popanda wozimanga. M'khola zinkagonanso choncho.

Abambo anamwalira ndi chifuwa m'nyengo yachisanu, chimanga tangokolola kumene. Ng'ombe zomwezo ndizo zinakoka bokosi lawo kupita kutchalitchi. Anali mkamwini, anakhala kwa amayi zaka zonse za ukwati wawo, choncho itakwana nthawi yosudzula amayi, abale awo anabwera kuchokera kutsidya kwa phiri kudzamasula wamasiye ndi kugawa katundu. Wotsogolera anali azakhali anga, mlongo wawo wa abambo.

Ndinene zoona, azakhali sanabwere ndi nkhanza. Malata sanawakhudze, njinga anatisiyira. Atafika pa ng'ombe anati: "Alamu, ng'ombezi zinachoka m'khola la mayi athu zili ana. Koma inunso mwazivutikira. Tisakangane, ife titenge imodzi, inu mutsale ndi imodzi."

Anthu onse anagwedeza mitu kuti azakhali aweruza bwino. Amayi okha ndiwo anayang'ana pansi.

"Alamu," anatero amayi, "tengani mbuzi zonse, ndi njinga yomwe. Ng'ombezi musazilekanitse."

"Mbuzi ndi mbuzi, alamu. Kwathu akandifunsa za ng'ombe za mlongo wanga, ndikawaonetsa tonde?"

Anthu anaseka, ine mtima unandiwawa. Ndinafuna kulankhula koma atsibweni anga, mlongo wa amayi, anandiyang'ana ndi diso lakuti khala chete. Panali amuna ambiri pamenepo odziwa goli kuposa ine, ndipo aliyense ankadziwa kuti ng'ombe yangolo imodzi ndi nyama chabe. Palibe anatsegula pakamwa, poopa kuoneka ngati akukondera wamasiye. Madzulo ake yofiira inapita, ikukokedwa ndi chingwe, ikucheukacheuka.

Yakuda inalira mpaka mawu anasasa. Ndikaipatsa mapesi inkangonunkhiza n'kuwasiya. Kudambo inkadya pang'ono, kenaka n'kutembenuzira mutu kumanzere, pamene panalibe kanthu. Nthiti zinayamba kuwerengeka. Nkhupakupa nazo zinaipezerera ngati zamva kuti mwini khola wapita.

Mbatatesi ya kudimba itakhwima tinabwereka ng'ombe kwa bambo wina wa m'mudzi mwathu, amene ng'ombe yake ina inafa ndi matenda. Tsoka lake nayonso inali yakumanja. Tinaika yathu kumanzere, poti chobwereka sulamula. Tisanafike n'kumsewu komwe, yakuda inayamba kukankhira inzake kutchire kufuna malo ake, goli linapotoka, ngolo inapendekeka, matumba n'kugwera mu ngalande. Titamasula tinapeza khosi lasupuka, chilonda chofiira ngati chikhatho changa, ndipo ntchentche sizinachedwe kufika.

Chaka chimenecho mbatatesi tinagulitsira pamunda pomwe kwa mavenda obwera ndi galimoto, pamtengo wotchula iwo. Manyowa tinasenza pamutu m'madengu, ine ndi amayi, kukwera mtunda wa kumunda. Ndowe yonyowa imadontha, imatsikira m'khosi mpaka kumsana. Ndinkatukwana njira yonse, azakhali, atsibweni, ngakhale abambo amene anafa osanena mawu pa za ng'ombe zawo. Amayi sankandiletsa.

Tsiku lina m'mawa, mvula yoyamba ili pafupi, ndinawapeza ataima pakhomo la khola, akuyang'ana yakuda ikunyambita mtengo.

"Iwe, tenga chingwe," anatero. "Tikaipereke kwa azakhali ako."

"Amayi, mwatani kodi? Atilande imodzi, ife tikawaonjezere ina?"

"Kuno ifa. Kumeneko zikakhala ziwiri zikakoka ngolo, ndipo mwina chaka china adzatibwereka. Bambo ako sanaphunzitse ng'ombe imodzi."

Ndinakwiya, koma chingwe ndinatenga. Tinadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya paini, mphepo ikutibaya m'makutu. Yakuda inkayenda mokhotakhota, kutsamira kumanzere ngati woledzera, ine n'kumaibweza ndi kamtengo. Amayi ankabwera pambuyo ndi nsalu yawo yakuda, atanyamula kankhuku koti tisafike chimanjamanja.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Azakhali anali pakhonde akusankha nyemba, ndipo atationa ndi ng'ombe anaimirira, lichero lili m'manja, osatilonjera. Yakuda inandikoka chingwe mpaka chinandipsereza m'manja, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Ndinaitsatira. Pansi panali chikopa chofiira, chokhomedwa ndi zikhomo kuti chiume, m'mbali mwake mukadali mafuta.

"Inativuta, alamu," anatero azakhali. "Inkathyola khola kufuna kubwerera kwanu. Kudya inakana. Tinayesa kuimanga ndi ya aneba, inathyola goli la eni ake. Tinaona kuti ingofa chabe, ndiye tinaitana ogula nyama. Bwenzi mutabwera sabata yatha."

Amayi anakhala pansi pafumbi pomwepo, nkhuku ili pamiyendo. Sanalire. Azakhali ndiwo analira, n'kumati madzi akatayika saoleka, ngati kuti anawataya ndi munthu wina.  Ndinangoyang'ana yakuda ikununkhiza chikopa chija kuyambira kukhosi mpaka kumchira. Itamaliza inaima pambali pake, kumanja, n'kuyamba kubzikula. Chichokereni inzake, ndinali ndisanaione ikubzikula modekha chotero.

Kuichotsa pamenepo inali ntchito. Ndinaimenya, ndipo ndinkalira poimenyapo. Nkhuku amayi anaisiyabe, poti mlamu ndi mlamu.

Pobwerera inayambanso kutsamira kumanzere, kufuna kugwera m'maenje a m'mbali mwa njira. Mikono yanga inali itatopa. Amayi anandilanda chingwe, anapita kumanzere kwake n'kuika dzanja pakhosi, pafupi ndi chilonda chija. Ng'ombe inawongoka nthawi yomweyo. Inayenda bwinobwino, phewa lake likukhudza phewa la amayi, ndipo iwo ankasintha mwendo kuti afanane nayo.

Inakhala nafe mpaka chisanu chotsatira, koma ngolo sinakokenso. Tsiku lililonse popita kudambo amayi ankasiya khasu n'kukaiperekeza, poti ndi ine inkakana kuyenda. Anthu a m'mudzi ankawaseka kuti mayi aja alowa m'goli. Iwo ankangoyankha kuti inde, kumanzere.